Juzi Yachikasu ya Amai Rhoda

Lolemba pa 25 Malichi 2024, amai Rhoda anabwerera kunyumba ndi beseni lodzaza vitumbuwa. Pa zaka khumi ndi chimodzi zomwe akhala akugulitsa pachipata cha kamsika kena ku Kabwata, zimenezi zinali zisanachitikepo. Lachiwiri zinachitikanso. Makasitomala awo ankawapatsa moni ali chapatali, ena ataphimba pakamwa ndi chitenje, n'kukagula kwa wina. Amai Rhoda analawa chitumbuwa chimodzi. Shuga anali wokwanira, mafuta anali atsopano.

Chiyambi chake chinali Loweruka pa 23 Malichi, tsiku limene iwo anali kumaliro ku Chunga. Masana a tsikulo achinyamata a kutchalitchi chawo anaonetsa sewero m'holo ya tchalitchi, pokumbukira tsiku la chifuwa chachikulu, matenda amene ambiri amangowatchula kuti TB. Seweroli linali la amai awiri, wina wolemera wa ku Kabulonga, wina wogulitsa vitumbuwa. Awiriwa amakumana pa benchi la kukiliniki podikira mankhwala a TB, amayamba ndi kunyozana, koma pakutha kwa miyezi isanu ndi umodzi amakhala mabwenzi.

Gululi linalibe ndalama. Nicodemus, amene analemba ndi kutsogolera seweroli, anayenda khomo ndi khomo kubwereka zovala ndi ziwiya. Kwa amai Rhoda anabwereka juzi yachikasu yokhala ndi chigamba pachigongono, ndi beseni lakale lobiriwira. Juziyo amai Rhoda ankaivala m'mawa uliwonse, ndipo panalibe munthu wa pamsikapo amene sankaidziwa. Osewera analinso ochepa, moti mnyamata mmodzi, Kampamba, anasewera mbali ziwiri: mwamuna wa mai wolemera uja ndi dokotala. Chosintha chinali chipewa chokha.

Anthu anatuluka m'holo atasokonezeka. Ena ankafunsana chifukwa chimene mwamuna ankapimira mkazi wake ngati sakumudziwa. Ena ankatsutsa kuti mai wa ku Kabulonga sangadye chitumbuwa cha pamsewu. Koma mfundo imodzi inagwirizanitsa ambiri: juzi ija inali ya amai Rhoda, choncho nkhaniyo inali ya amai Rhoda.

Lachitatu, Nsofwa, amene amagulitsa tomato pafupi nawo, anawakokera kuseri kwa tebulo.

"Ba Rhoda, kansi simunamve? Anthu akukamba ati muli na TB."

"Ine? Ndatsokomola liti?"

"Anakuonani mu sewelo."

"Ndinali ku Chunga, Nsofwa. Ndinali kumalilo."

"Juzi yanu sinali ku Chunga," anatero Nsofwa. "Manje ba Kangwa ati komiti ikhale pansi. Afuna muyambe mwapumula, malo anu apatse wina."

A Kangwa anali wapampando wa komiti ya kamsikako. Malo apachipata ndi amene ankadyetsa ana atatu a amai Rhoda, ndipo akapatsidwa kwa wina sabwerera.

"Ndichite bwanji?"

"Tenthani juziyo anthu akuona. Mukatelo muyende kwa achemwali anu ku Chelstone mwezi umodzi, ziiwalike. Kapena mukamugwile pakhosi Nicodemus uja."

Amai Rhoda sanatenthe juziyo. Anapita kukiliniki kukapempha kalata yonena kuti alibe matendawa. Kumeneko anakumana ndi Sista Annette, namwino amene anathandiza achinyamata aja ndi mfundo za seweroli. Sista anawafunsa ngati akutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuonda. Zonse anayankha kuti ayi.

"Ngati mufuna kupimidwa, tikupimani lero lomwe, ndi zaulere," anatero Sista. "Koma kalata yoti mukaonetse pamsika, muganize kaye. Mukaionetsa, ndiye kuti tavomera kuti wodwala TB ayenera kuthamangitsidwa. Pamsika womwewo pangakhale wina amene akumwadi mankhwala. Mawa kalata adzaifuna kwa iye."

"Nanga ana anga adye chiyani, ba Sista?"

Sista anaimbira foni Nicodemus.

Nicodemus anabwera akupepesa. Iye anati anasankha juziyo dala, kuti seweroli lioneke ngati zenizeni.

"Laoneka ngati zenizeni ndithu," anatero amai Rhoda.

Anagwirizana kuti seweroli lionetsedwenso Pasaka ikadutsa. Sista analankhula ndi a Kangwa, ndipo iwo anavomera monyinyirika kuti komiti idikire. Masiku onsewo amai Rhoda ankakazinga theka la vitumbuwa vamasiku onse, komabe vina vinkatsala.

Loweruka pa 6 Epulo holo inadzaza kuposa poyamba. Amai Rhoda anakhala mzere woyamba. Sewero litatha, Sista Annette anakwera kutsogolo ndi pepala la Nicodemus, pomwe analemba zonse zobwereka.

"Ndikatchula chinthu, mwiniwake aimirire," anatero. "Juzi yachikasu."

Amai Rhoda anaimirira. M'holo munamveka kunong'onezana.

"Wigi ya mai wa ku Kabulonga, amenenso amadwala TB."

Mkazi wa mkulu wa mpingo anaimirira pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi.

Sista anapitiriza: chikwama, nsapato zazitali, kapu yomwera mankhwala, bulangeti ndi zina. Anthu asanu ndi anayi anali chiimire.

"Benchi limene odwala awiriwa akhalapo miyezi isanu ndi umodzi."

Panalibe wina amene anaimirira. Sista anabwereza. A Kangwa anadzuka.

"Langa lija ni benchi chabe," anatero.

"Yanganso ni juzi chabe, ba tcheyamani," anayankha amai Rhoda.

Anthu anaseka, ndipo Sista anadikira kuti phokoso lithe.

"Palibe amene waimirira pano chifukwa chodwala. Aimirira chifukwa anathandiza ana athu. Koma tiyerekeze kuti mmodzi wa iwo akudwaladi. TB imayenda mumpweya, munthu amene sanayambe mankhwala akamatsokomola. Siyenda pa juzi, pa kapu kapena m'chitumbuwa. Munthu akayamba kumwa mankhwala moyenera, pakangopita masabata ochepa ambiri sapatsiranso anzawo, ndipo akamaliza miyezi isanu ndi umodzi amachira. Woopsa si amene akumwa mankhwala. Ndi amene watsokomola masabata awiri n'kumabisa, poopa zimene mwachitira amai awa."

Bambo wina wachikulire anakweza dzanja kumbuyo.

"Ba Sista, tamva. Koma uja dokotala na uja mwamuna wa ku Kabulonga, ni mapasa?"

Kampamba anatuluka kuseri kwa nsalu, navala chipewa, nachivula. Bamboyo anagwedeza mutu, koma sankaoneka wokhutira.

Komiti sinakhalenso pansi pa nkhaniyi. Lolemba pa 8 Epulo amai Rhoda anafika pachipata atavala juzi yachikasu. Makasitomala ena sanabwererebe sabata imeneyo, ndipo awiri sanabwererenso konse. Woyamba kugula anali a Kangwa. Anadyera pomwepo, ataimirira pamene aliyense angawaone.

"Nicodemus sanabweze benchi langa," anatero akutafuna.

"Musiyeni," anayankha amai Rhoda. "Benchilo likali kumaliza mankhwala."

Phunziro: Musanagamule za thanzi la mnzanu, funsani odziwa, chifukwa mphekesera ya tsiku limodzi ikhoza kulanda banja chakudya. Wodwala TB amafunika mankhwala ndi anzake, osati kuthamangitsidwa. Ndipo inu okonza masewero, musaveke wodwala wa m'sewero chovala chimene dera lonse likudziwa mwiniwake.