Jombo za Onesimo

Sabata imene asilikali anayamba kulanda mfuti apayoniya, mu Disembala 1993, achimwene anga a Onesimo, omwenso anali msilikali, anali gone kwathu ku Chilomoni, chifuwa chachikulu chikuwadya. Anzawo okalondera njanji ku Mozambiki anabwerako ndi nkhani za zipolopolo, pamene iwo anatha zaka ziwiri ali pageti pa kampu, ndipo zimenezi zinkawawawa. Tsopano nkhondo inali pakhomo, eniake akulephera ngakhale kupita kuchimbudzi okha.

Loweruka kunabwera mnzawo Herbert. "Akuti aliyense wa patchuthi abwerere kukampu. Koma iwe gona, aise, ndikanena kuti sulibwino."

"Ndigone? Adzati ndathawa!"

Amayi anamva zonse ali kukhitchini. Herbert atangotuluka, anatenga jombo za achimwene n'kuzikwirira m'thumba la makala.

"Monika, jombo zanga zili kuti?" anandifunsa achimwene.

"Kaya," ndinatero, bodza likundiotcha pakamwa.

Anakwawa mpaka kunsi kwa bedi, akutsokomola magazi, liuma lili tho ngati la malemu bambo.

"Amayi, mundimangitsa! Lole ya asilikali ikabwera adzanditenga ngati wakuba, anthu onse akuona."

"Adzamange ine. Wobala ndine."

Kuyambira tsiku limenelo achimwene sanawalankhulenso amayi. Phala ankalandira m'manja mwanga mokha. Galimoto ikangolira kumsewu ankadzuka, maso ali pachitseko. Lachiwiri masana anamwalira atayang'ana komweko, mapazi ali pamtunda.

Lole inabweradi Lachitatu m'mawa. Amayi anadutsa pakati pa azimayi olira n'kukaima pakhomo.

"Mwachedwa. Womumanga wanu uja wapita."

Sajeni anavula chipewa. "Pepani, mayi, sitinadzere zimenezo. Herbert ananena, dzina la Onesimo lili pamndandanda wa odwala kuyambira Loweruka. Tabwera ndi bokosi. Tikupempha chipewa chake ndi jombo. Mwambo wathu timaziika pamwamba pa bokosi."

Amayi analowa kukhitchini, n'kukhuthulira makala onse pansi. Jombo zinatuluka zili mbuu ndi fumbi. Ndinati nditenge polishi, anandilanda. Anakhala pakhonde n'kuyamba kupukuta, akulavulira pang'ono monga ankachitira mwiniwake.

"Ndi izi, mwanawe," ankatero motsitsa. "Ndi izi, vala."

Asilikali aja anaima ndithu padzuwa, ndipo palibe amene anawafulumizitsa amayi.