Namatetule Akana Kufa

Sewero la mayeso linali litafika pakati pamene Namatetule anakana kufa.

Dzinali anam'patsa ndi anzake a m'kalasi, ndipo mwini wake sankadziwa kuti akumuseka. M'seweromo anali bambo wachuma amene mkazi wake amam'thirira poizoni mu tiyi. Ntchito yake inali kumwa, kugwira pamimba, kugwa. Poyeserera ankagwa bwinobwino. Koma tsikulo kunabwera mayi ake ndi azakhali awiri, atakhala mzere wakutsogolo, ndiye mwana wawo sakanangofa ngati nkhuku.

Kuseri kwa katani kunali Manijala, mtsikana wa chaka chomaliza wophunzira kuyendetsa zisudzo. Mayesowo anali ake. Holo anachita kupempha, ndipo alonda anamuuziratu kuti a kwaya, eni holoyo tsikulo, akangofika azimitsa magetsi, sewero lithe lisathe. Sewero losatha kunali kubwereza chaka, pamene amalume ake omulipirira sukulu anali atanena kale kuti digiri yoomberedwa m'manja salipira kawiri.

Namatetule anamwa tiyi, nagwa, nadzukanso. Anatsamira tebulo n'kuyamba kugawa chuma chimene wolemba sewero sanam'patse. Mkazi wake, yemwe anali atayamba kale kulira maliro, anatseka pakamwa n'kudikira.

Pa windo lakumbuyo Manijala anaona a kwaya akutsika basi. Anagwada m'mbali mwa katani.

"Achimwene, ifani," ananong'ona. "Chonde, ndagwira mwendo wanu."

Namatetule anamuyang'ana ndi diso limodzi, n'kukumbukira kuti sanatsanzike ana, ngakhale m'seweromo analibe mwana. Manijala anauza wa magetsi kuti achepetse kuwala. Wodwalayo anakwawira pomwe panatsala kuwala. Mayi ake anapukuta misozi.

Pakati pa holo panakhala Adokotala, mphunzitsi woyesa mayesowo, amene ankavala mpango m'khosi ngakhale kutenthe bwanji. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti katani ikatseguka, manijala saoneka pa siteji olo denga ligwe. Pakhomo alonda anali atadzuka pampando, akulowera ku bokosi la magetsi, makiyi akulira m'manja.

Onyamula mtembo anali anyamata awiri, koma mmodzi anakana, ati munthu akadali kuyankhula ndipo amagona naye chipinda chimodzi. Manijala anavula nsapato, nadzifunditsa nsalu yakuda, nakoka winayo.

"Iwe mapewa, ine miyendo."

Anam'nyamula ali pakati pa mwambi.

"Sindinathe, iwe."

"Mwatha, achimwene."

Kuseri Manijala anam'khalira pamsana, uku akukodola mkazi wamasiye kuti afulumire. Mkaziyo analira mothamanga, wapolisi anam'manga asanamalize kuulula, katani inatsekeka dzanja la alonda lili kale pa switchi.

Adokotala anaitanira Manijala pa masitepe. Anati lamulo waphwanya, mapaziwo awazindikira, ndipo malikisi achotsapo ndithu. Koma za mtembo wotuluka ukuyankhula anati ndi ganizo lakuya, limene iwo akhala akuliphunzitsa zaka zambiri popanda wolimva, ndipo n'zolimbikitsa kuti mmodzi wamva.

"Ndiye ndakhoza, Adokotala?"

Anakonza mpango kaye.

"Tinene kuti mwapulumuka."

Manijala anakhala pa sitepe opanda nsapato, a kwaya akumudutsa ndi mikanjo yawo m'manja.