Muusamale Mphikawu

Mphika uja unasowa m'nyumba yokhoma, ndipo ine si munthu wokhulupirira kuti katundu amamera miyendo.

Unali mphika wamagetsi wophika ndi mphamvu ya nthunzi, uja ambiri amati wa pulesha. Pakatoni pake analembapo kuti chivundikiro sichingatseguke nthunzi isanathe, ngakhale munthu atachikoka ndi manja awiri. Mng'ono wanga anangochikhudza ndi kansalu pofuna kupukuta madzi amene anadonthera pamwamba, basi chinafwamphuka. Nyemba zowira zinamukhuthukira m'manja monse mpaka m'zigongono. Iyeyu ndi woluka tsitsi, zala ndiye munda wake. Atatuluka m'chipatala tinamutengera kunyumba kwa bambo athu, kumene ine ndimakhala, chifukwa ngakhale batani la bulauzi sankatha kulimanga yekha.

Titadandaula, a kampani yopanga miphikayo anayankha kuti mphika wawo ulibe vuto, wosasamala ndi mayiyo, anatsegula mokakamiza. Mawu amenewo anamupweteka kuposa mabala.

"Ine wosasamala, asisi?" anandifunsa, manja ali m'mwamba m'mabandeji. "Zaka zonsezi ndimaviika tsitsi la anthu m'madzi owira, sindinawotchepo khutu la mwana wa munthu. Lero ndikhale wosasamala m'khitchini mwanga?"

Kwa loya tinapita atatu: ine, bambo, ndi alamu anga, amuna ake a mng'ono wangayo. Loyayo anali mayi wochepa thupi, wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya. Anasuzumira m'katoni osagwira kanthu. Nyemba zinali zitaumira m'mbali, fungo lake losaneneka.

"Mlandu wonse uli mumphikamu," anatero. "Kubwera injiniya kudzauyeza. Akapeza kuti chotsekera n'cholakwika, a kampani asowa pothawira. Ofesi yanga mukuiona nokha kuchepa kwake, ndiye pitani nawo, koma muusamale kwambiri."

"Musade nkhawa, mayi," anayankha bambo, chipewa chili pabondo. "Tiusamala."

Alamu anafuna kuutengera kwawo. Ndinakana. Kunena zoona, alamu angawa sindinawakhulupirirepo chiyambire. Ndi munthu wosekerera nthawi zonse, ndipo kwa ine munthu woseka ndi aliyense amakhala ndi chimene akubisa kuseri kwa mano. Komanso mphikawo anaugula ndi iwo, kusitolo kumene amagulitsako mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo. Ndinaunyamula ndekha, ndi kuuika pamwamba pa kabati m'chipinda chosungiramo katundu, ndi kufunditsa katoniyo bulangete lakale.

Tsiku lina m'mawa ndikukatenga tsache, ndinaona bulangete lili lopindidwa bwinobwino, katoni palibe. Ndinafufuza pansi pa mabedi, kuseri kwa chitseko, ngakhale m'mabokosi oti mphika sungalowemo. Ndinalowa kuchipinda kwa mng'ono wanga ndi kutseka chitseko.

"Amuna ako anabwera nthawi yanji dzulo?"

"Masana, inu muli kuntchito. Bwanji?"

"Mphika wasowa."

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anazindikira kumene ndinkalowera, nkhope inasintha.

"Asisi, musayambe. Munthu amene amandisambitsa mabalawa angachite zimenezo?"

"Kusambitsa mabala n'kwina, kukana envulopu n'kwina," ndinatero. "Koma bambo tisawauze. Ndi vuto lawo la kuthamanga kwa magazi lija, tingagoneke anthu awiri m'nyumba muno."

Choncho bambo tinkawasekerera ngati zonse zili bwino. Iwo ankangopitiriza zawo: kudzuka m'mamawa, kuthira mafuta m'mahinji a zitseko, kutuluka kukawongola miyendo. Ine ndinayamba ntchito yaupolisi. Alamu akabwera ndinkayang'ana nsapato zawo ngati n'zatsopano. Foni yawo ikalira iwo n'kutuluka panja, ndinkapeza chifukwa chokayanika zovala. Anabwera ndi zipatso zambiri tsiku lina, ine mumtima ndinati ehe, zayamba kuoneka. Ngakhale mayi woyandikana nafe, amene anafunsa kawiri kuti mlandu uli pati, ndinasiya kumuyankha moni bwinobwino. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka: ndikanawakalipira alamu popanda umboni, wolira akanakhala mng'ono wanga yemweyo.

Umboni ndinaupeza Loweruka, kapena ndinene kuti ndinkayesa ndaupeza. Ndinawatsatira chapatali atachoka kwathu. Sanalowere njira ya kwawo. Anakwera msewu wa masitolo, nadutsa pogulitsa matayala, nakhota kanjira ka kuseri kumene magalimoto amatsitsira katundu. Kumeneko anakumana ndi mnzawo uja, atavala yunifolomu ya sitolo. Ankalankhula motsitsa mawu, mnzawoyo akuchewukachewuka. Ndinapirira pang'ono, kenako mtima unakwera.

"Alamu! Mwaugulitsa zingati?"

Onse awiri anadzidzimuka. Wa sitolo uja sanadikire n'komwe, analowa pakhomo la kuseri n'kukoka chitseko.

"Mwatani, alamu?" anandifunsa. Kumwetulira kuja kunali kutathawa. "Ndagulitsa chiyani?"

"Musandipusitse. Mphika uli kuti?"

"Mphika si uli ndi inu? Si munaukaniza ndinu?" Anaima kaye, nandiyang'anitsitsa. "Mukutanthauza kuti wasowa, ndipo inu mwakhala chete?"

Anandiuza kuti mnzawoyo ankadziwa anthu ena amene anabweza miphika ya mtundu womwewo chifukwa cha zivundikiro. Akhala akumunyengerera kuti akalankhule ndi loya, iye akuopa kuchotsedwa ntchito. Tsiku limenelo anali atatsala pang'ono kuvomera.

"Ndiye mwamuthawitsa," anatero alamu. "Amene uja sabweranso."

Nkhaniyo inali yomveka, koma ine ndinati wakuba aliyense amayenda ndi nkhani yomveka m'thumba. Tinasiyana osatsanzikana.

Tsiku la injiniya linafika ndisanapeze mawu owauzira a loya. Tinapita ine ndi mng'ono wanga, alamu akutitsatira m'mbuyo ngati mlendo. Bambo anali atatuluka m'mawa, ndipo ndinathokoza kuti sadzaona manyazi athu. Mu ofesi muja injiniya anali atayala kale pepala loyera patebulo, atavala magolovesi, kamera ili pambali.

"Mphika uli kuti?" anafunsa loya.

Ndinatsegula pakamwa, koma chitseko chinagogodedwa. Analowa bambo, atavala jekete lawo lopitira kutchalitchi, thukuta lili kamukamu, katoni ili m'manja. Anaiika patebulo mosamala ngati muli mazira.

"Pepani ndachedwa, mayi. Mmisiri amamalizitsa kupukuta."

Anautulutsa. Mphika unali waliwali, munthu n'kudziona nkhope. Panalibe ngakhale khoko limodzi la nyemba. Labala wa m'chivundikiro anali watsopano.

"Munati tiusamale," anatero bambo, akuyang'ana aliyense mmodzimmodzi monyadira. "Ndinaupeza atangoufunditsa bulangete, ukununkha, mphemvu zitayamba kulowamo. Ndinati a injiniya akabwera adzati anthu awa ndi auve bwanji. Mwana wanga amunena kale kuti ndi wosasamala, ndiye tiwapatsenso poyambira? Ndinapita nawo kwa mmisiri wokonza mbaula zamagetsi. Anachedwa kuuyamba, zipangizo zimavuta kupeza, koma wagwira ntchito yooneka."

Injiniya anatembenuza chivundikiro, nakankha ndi chala kachitsulo kotsekera, kakuti tha, tha.

"Kachitsulo aka si kake," anatero.

"N'katsopano," anayankha bambo. "Kakale kaja kanali kafupi, sikankafika n'komwe pabowo pake. Mmisiri anandionetsa. Anati kanabadwa kotero kuchokera kufakitale. Pano yesani kukoka, sichitseguka. Tayesa ndi madzi owira, ine ndili pomwepo."

Loya anavula magalasi, nagwira pamphumi. Analankhula pang'onopang'ono, koyamba chimudziwireni.

"Bambo, kusamala kumene ndinkanena n'kwakuti usakhudzidwe. Ukhale ndi nyemba zake, ndi fungo lake, ndi kachitsulo kake kafupiko. Cholakwa n'changanso, ndikanamasula bwino. Zoti musautsuke ndinauza mwana wanu wamkuluyu pakhonde, inu mutatsogola kutsika masitepe." Anapumira m'mwamba. "Tsopano a kampani akaupempha mphikawu, adzaupeza ukugwira bwino ntchito. Adzati mwaona, tinanena ife. Kapena adzati mwausintha dala kuti mubise mmene unathyokera."

Ndinamva ngati pansi pang'ambika. Zoti asautsuke ndinazisunga ndekha, poti amene ndinkalondera anali alamu. Ndipo mphikawo unakhala kwa mmisiri osatsegulidwa pamene ine ndinkayang'ana nsapato za munthu wosalakwa. Funso limodzi kwa bambo m'mawa uja likanaubweza uli momwemo. Alamu sanandiyang'ane, ndipo bwenzi zili bwino akanandilalatira.

Bambo anayang'ana loya, kenako injiniya, kenako manja a mwana wawo. Ndinaona kunyada kukuchoka pankhope pawo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ndalakwitsa?"

Mng'ono wanga anasendera pafupi, nawagwira mkono ndi nsonga za zala zimene zinatulukira m'bandeji.

"Bambo, kachitsuloko munakaona ndi maso anu? Kanali kafupi ndithu?"

"Ndinakagwira m'manja mwangamu, mwana wanga."

"Ndiye sindinatsegule ndine," anatero, misozi ikutsika. Ndipamene ndinazindikira kuti masiku onsewa, pomva a kampani akubwerezabwereza, nayenso anali atayamba kudzikayikira.

"Ife tikudziwa," anatero loya mofatsa. "Koma khoti silidya mawu a bambo oikira kumbuyo mwana wawo. Mmisiriyo angathandize pang'ono ngati angavomere kuchitira umboni. Chofunika ndi kachitsuloko. Kali kuti?"

Bambo anatola chipewa n'kutuluka. Ine ndi alamu tinawathamangira, koma mkulu uja anatsika masitepe mofulumira kuposa ife tonse.

Malo a mmisiri anali kashedi ka malata kuseri kwa malo okwerera basi, kodzaza mbaula zakufa, mafani opanda mapiko ndi nthambo zolendewera. Mmisiriyo atamva mawu akuti khoti anapukusa mutu, nati iye ndi wokonza zinthu, za milandu sizimukhudza, ndipo tizitsulo amachotsa tambirimbiri, sangakumbukire kamodzi. Analoza ndi sipanala kunja, pamulu wa zotaya umene ogula zitsulo zakale amadzatapa akafuna.

Muluwo unkandifika m'chiuno. Munali masipuling'i, mabawuti, zogwirira za maketulo, ndi tizitsulo tosawerengeka tofanana ngati mchenga. Bambo anavula jekete, nalipereka kwa alamu, nagwada pafumbi ndi thalauza lawo labwino lija. Anayamba kufukula ndi manja, dzuwa likuwawotcha padazi.

"Bambo, dzukani," ndinawachonderera. "Mudzicheka. Tiyeni kunyumba, mankhwala anu simunamwe."

Bambo anangopitiriza kufukula. Alamu anapinda malaya, nagwada pambali pawo, nanenso ndinagwada. Koma ife awiri kachitsuloko tinali tisanakaonepo, sitinkadziwa chimene tikufuna. Bambo ankatola kamodzi, n'kukayang'anitsitsa padzuwa, n'kukaika pambali, n'kutolanso kena. Chala chawo chinayamba kutuluka magazi. Patapita nthawi anatembenukira kwa ine, tizitsulo tiwiri tili pachikhatho.

"Iwe uli ndi maso abwino," anatero. "Tandiuza, kafupi ndi kati apa?"