Sanda mu Katundu wa ku Beira

"Kodi munthu akafera m'nyanja ya mchere, amamusambitsa ndani?" anafunsa Sakina.

Mwamuna wake Sufiyani anapitiriza kusoka ukonde. Wadson, khukhi wa mzungu wa thonje ku Balaka, anali kalikiliki kuchotsa chisoso pa sokosi zake.

Wadson anali atapalasa njinga mpaka ku nyanja ya Chiuta ndi uthenga. Bwana wake ankapita kutchuthi ku Beira, kukamira m'nyanja atabereka mabotolo a mpweya kuti akaone nsomba. Kungoziona, osagwira ngakhale imodzi. Ankafuna munthu wodziwa madzi woti azikamugwirira chingwe m'boti, ndipo pa dooko lonse womasula maukonde akakodwa pansi anali Sufiyani.

"Sitima ndi Lachisanu pa Balaka," anatero Wadson. "Mawa mukabayitse katemera wa nthomba, Apwitikizi salola munthu wopanda chipsera. Mutenge bulangete, kabudula wolowera m'madzi, ndi mbale yanuyanu, poti Asilamu mumanyansidwa ndi mapoto anga."

"Mapoto a nkhumba aja," anatero Sakina. "Iwe mlamu, Shire yomweyi umawoloka utatsinzina, lero ukutiphunzitsa za nyanja?"

"Ine ndikakhala pamtunda, mlamu. Wamantha anafa ndi ukalamba."

Wadson anaseka yekha, kenako anakumbukira khomo lomwe anali, n'kuleka.

Chaka chapitacho bwato la Hamadi, mwana wa Sufiyani ndi Sakina, linapezeka litagadabuka m'mabango. Mwini wake sanapezeke. Sanda anagula, shehe anabwera, koma panalibe womusambitsa, ndipo nsalu yoyerayo inangotsala m'bokosi. Chiyambire pamenepo Sufiyani ankamira pamalo omwewo m'mawa uliwonse. Ankabwerako maso ali psuu, matope ali m'zikhadabo, chifuwa chikulira ngati mvukuto.

"Ndi mabotolowo," anafunsa Sufiyani osadzutsa mutu, "munthu amakhalitsa bwanji pansi?"

"Ndimathira tiyi bwana akulowa, amatuluka tiyi atazizira."

"Tikabwerako angandibwereke limodzi? Tsiku limodzi lokha."

Wadson anasiya sokosi zija.

"Achimwene, mabotolo si ake iyayi. Amachita kubwereka kwa Mgiriki wina kugombe komweko. Amatsala komweko."

Sufiyani anamaliza mfundo yomwe anaiyamba, n'kuidula ndi mpeni pang'onopang'ono. Anayang'ana kunyanja. Mabango ankaweyula bwinobwino ngati sanamezepo munthu.

"Basi ulendo wafa," anatero. "Ukamuthokoze bwana wako. Ine m'mawa ndili ndi ntchito kumabango."

Ntchitoyo Sakina ankaidziwa. Ndi iye ankachapa kabudula wake ndi kufunditsa madzi osinira nthiti. Anamuyang'ana mwamuna wakeyo, mapewa atatha ngati a nkhalamba, kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Amuna aja panja anamva chivundikiro cha bokosi chikulira.

Anatuluka ndi bulangete, mbale, kabudula ndi nsalu yoyera yopindidwa, ikununkhabe sitolo ya Mmwenye. Anayala chitenje pansi nayamba kumanga mtolo.

"Amake Hamadi," anatero Sufiyani, "nsalu imeneyo ndi ya mwana."

Sakina anakoka mfundo ndi mano mpaka inalimba. Mtolowo anakauika yekha pa kaliyala wa njinga ya Wadson.

"Mlamu," anatero, "ukamuuze bwana wako kuti Lachisanu bambo a Hamadi apita nawo."