Tsiku Limene Telala Anadula Njira

Telala, kunena mosapsatira, sanali munthu woyenda. Moyo wake wonse anaudyera pampando, mapazi akupalasa makina, maso ali pa singano. Ndiye mkazi wake atanena kuti akufuna kuyenda wapansi m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuchokera padoko la tauni yawo mpaka kumene mtsinje wa kwawo umathira m'nyanja, Telala anaseka mpaka kutsamwa. Koma mayiyo sanaseke. Anali atangochokera kwa dokotala wa maso, ndipo dokotalayo sanabise mawu: kuwala kochepa kotsalako nakonso kuzima, mankhwala ake palibe.

"Ndikufuna ndiione isanandithawe," anatero mayiyo. "Zimene ndizilephera kuona muzindiuza inuyo, bambo. Si ndinu maso anga tsopano?"

Telala anatseka shopu, nasoka zikwama ziwiri za nsalu yolimba, ulendo nʼkuyambika.

Kayendedwe kawo kanali kotere: Telala patsogolo, mkazi wake pambuyo pang'ono, dzanja lake lili paphewa la mwamuna. Mayiyo ankaona kuwala ndi mthunzi basi, ndiye m'mawa uliwonse ankafunsa kuti, "Yavala chiyani lero?" Telala, poti mtundu uliwonse ankaudziwira pa nsalu, ankayankha za kushopu zokhazokha.

"Lero yavala buluu wa yunifolomu ya ana asukulu, m'munsi yaikamo lesi yoyera. Koma sinasite, makwinya okhaokha."

"Inu nanu! Nyanja mwaisandutsa kasitomala?"

Ankaseka mayiyo, phewa la Telala nʼkumagwedera nalo dzanja lija. Zaka zonse zimene anakhala akusita ndi kusokerera mabatani kuseri kwa shopu sanasekepo choncho. Ankagona m'nyumba za alendo zotchipa, zofunda zonunkha chinyezi, kukacha nʼkubwerera kumchenga. Mayiyo ankangolimbirako. Telala ndiye ankatha. Bondo lake lamanzere linatupa ngati mkate, koma anangokokera buluku pamwamba pake osanena kanthu, poti mkazi wake sakanaliona.

Tsiku lina m'mawa, mkazi wake atakhala pamwala kukutumula mchenga m'nsapato, Telala anapita kukafunsa njira kwa msodzi amene ankasoka ukonde chapatali.

"Mchenga wathera apa, achimwene," anatero msodziyo. "Kutsogoloku njira imakwera pamwamba pa matanthwe. Ndi yopapatiza, pansi pake phompho, koma pamwambapo nyanja mumaiona yonse. Mukaopa, tengani msewu uwu wolowa kumtunda. Umazungulira, madzulo mukapezananso ndi mchenga."

Telala anayang'ana matanthwewo. Iyeyu ngakhale kukwera patebulo kusintha babu ankaitana mnzake wa shopu yoyandikana. Ndipo matanthwe amenewo ndi omwe mkazi wake ankawatchula njira yonse, kuti ali mtsikana anaimapo pamwamba pake nʼkuona madzi mbali zonse. Apa mpamene utelala unamulowa m'mutu. Nsalu ikaperewera, telala sauza mwini wake. Amalumikiza kachidutswa mkati mwa mpendero, nʼkusita bwinobwino, mwini nʼkuvala mosangalala mpaka chovala kutha. Anachita zimenezo kambirimbiri ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula. Anabwerera kwa mkazi wake nʼkunena kuti matanthwe aja akadali kutsogolo, lero njira ikudutsa kuseri kwa milu ya mchenga.

Analowa mumsewu wa fumbi. Sipanapite nthawi mayiyo anapendeketsa mutu.

"Bwanji mafunde sakumveka?"

"Milu yatchinga, mayi. Ndi yaitali."

"Nanga pamene pali mpata mukuiona? Yavala chiyani?"

Telala anayang'ana kumanja. Kunali minda youma, mbuzi, ndi bwalo lotayirako magalimoto akutha, lotchingidwa ndi mpanda wa malata. Bodza likangoyamba silifuna kuyenda lokha, limaitana abale ake.

"Yavala yobiriwira, ya makatani a m'maofesi. Kuli bwato la thanga loyera, ndi mbalame zikulitsatira."

Mayiyo anaima. Anachotsa dzanja paphewa, natembenukira kumpanda wa malata uja, umene dzuwa linkawalapo. Anatchinga pamphumi ndi chikhatho, kutsinzinira, kutong'ola, misozi nʼkuyamba kutsika poti kuwala kunkamupweteka. Anaima pamenepo nthawi yaitali.

"Ee, ndikuiona pang'ono," ananong'ona. "Ikunyezimira. Bambo, zikomo pondibweretsa."

Mayo ine! Telala analakalaka nthaka itang'ambika. Mkazi uyu maso ake anali ngati palafini wotsalira pansi pa nyali, ndipo anali kumuthera pa malata a dzimbiri. Manyazi atamugwira, anatsegula kukamwa kuti aulule, koma chimene chinatuluka nʼchakuti, "Tiyeni, dzuwa likukwera." Kuchokera pamenepo dzanja lija linkalemera paphewa kuposa chikwama. Mayiyo ankangoyimba kanyimbo kake pansipansi, nʼkumafunsa ngati bwato lija likuonekabe. Telala ankati likuoneka.

Masana analowa m'kagolosale ka m'mbali mwa msewu, kachipinda kamodzi, sopo ndi machesi pashelefu, firiji ikulira pakona. Mwini golosale, mayi wonenepa wokonda nkhani, anawapatsa zakumwa ndi benchi, nʼkuyamba kuwafunsa kumene akuchokera ndi zikwama zotere.

"Tikuyenda m'mphepete mwa nyanja," anatero mkazi wa Telala monyadira. "Wapansi, kuchokera kudoko."

"Nyanja iti, amayi?" Mwini golosale anawomba m'manja nʼkuseka. "Mwasochera inu! Kuno nyanja ngakhale fungo lake silifika. Mwaisiya m'mawa kumatanthwe kuja. Abambo, inu ndi maso anu awiri, osaona kuti kuno nʼkumtunda?"

Mkazi wa Telala anamaliza chakumwa chake pang'onopang'ono, nathokoza, nafufuza khomo ndi dzanja mpaka kutuluka yekha. Telala anamutsatira akutsimphina, tsopano osabisanso.

Panja anayamba kulongolola. Bondo, mayi, tagwirani muone mmene latupira. Phompho, mayi, mukanaterereka ndikanawauza chiyani ana? Zonsezo zinali zoona, koma mwini wake ankamva kuti zikutuluka ngati za munthu wogwidwa ndi nkhuku m'thumba.

"Bondo mukanandiuza ndikanalithowa ndi madzi otentha," anatero mayiyo. Sanakweze mawu, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Telala. "Mantha mukanandiuza tikanakhala pansi nʼkukambirana. Tangondiuzani chimodzi. Chonyezimira chija chinali chiyani?"

"Malata."

"Malata a chiyani?"

"A mpanda. Kotayirako magalimoto akutha."

Mayiyo anagwedeza mutu. "Ndinakuthokozani," anatero. Kenaka anakonza chikwama kumsana. "Posachedwa kuwala konse kuzima, bambo. Mankhwala muzindiwerengera ndinu. Diresi likada muzindiuza ndinu. Mdzukulu akabadwa, nkhope yake ndidzaimva kwa inu. Ndiye ndizidziwa bwanji tsiku limene bondo likukupwetekani?"

Telala anangoti abwerere, ndipo anabwereradi, msewu womwewo, kudutsanso pampanda uja. Anagona kwa msodzi uja, m'mawa mwake nʼkuyamba kukwera matanthwe. Telala anakwera chokwawa malo ena, thukuta kamukamu, osayang'ana pansi, akutchula mwala uliwonse kuti mkazi wake aponde bwino. Sananame ngakhale kamwala kamodzi. Mumtima ankati mwina akafika pamwamba mlandu utha.

Anafika dzuwa lili pamutu. Mphepo inawomba zovala zawo, ndipo nyanja inali ponseponse, kutsogolo, kumanja, kumanzere, yaikulu moti Telala anaiwala bondo. Chapafupi panali mayi wina wachilendo akumanga mtolo wa nkhuni.

"Mayi, ndi iyi," anatero Telala kwa mkazi wake. "Ndi iyi yeniyeni. Pafupi ndi yobiriwira, kutali ndi buluu wakuda. Nsalu yotere sindinaigwirepo. Bwato kulibe, mbalame kulibe, madzi okhaokha. Ndikulumbira."

Mkazi wake anamvetsera mpaka amalize. Anayang'ana kutsogolo, kutsinzinira monga anachitira dzulo lake. Kenaka anamva nkhuni zikuthyoka, natembenukira komweko, nachotsa dzanja paphewa la mwamuna wake.

"Pali munthu pamenepo? Pepani, tandithandizani. Kutsogolo kwangaku kuli chiyani?"

Mayi wa nkhuni uja anayang'ana mkaziyo, nayang'ana Telala, kudabwa.

"Nyanja, amayi. Kodi bambowa sanakuuzeni?"

"Andiuza," anatero mkazi wa Telala. "Nanga ndi ya mtundu wanji?"