Makala Pabalaza

"Chotsani zimenezi pabalaza panga, bambo a Taonga."

"Pabalaza panu? Nanga gasi akatha mudzaphikira sofa?"

"Gasi sakutha. Mwamva molakwika."

"Ndamva ndi makutu angawa. Munthu wa tayi, pa tivi, wanena yekha kuti boma likuganiza zosunga gasi woti adzathandize pa nthawi ya mavuto. Likuganiza, mayi a Taonga. Ndiye kuti pamene tikulankhula pano, nkhokweyo kulibe."

Ine, Taonga wotchulidwayo, ndinali chikhalire pamasitepe, chibwano chili pamaondo, ndikuyang'ana matumba a makala amene adadi anawaunjika kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Unali mwezi wa Januwale, chaka cha 2006, m'kanyumba kathu ka lendi ku Wakefield, kuno ku Ulaya. Kunja kunkazizira moti mano ankagundana. Amami, omwe ndi nesi, anali atangofika kuchokera ku shifiti, nsapato zoyera zidakali kuphazi, ndipo anapunthwa pathumba loyamba asanavule ndi chikhoto chomwe.

Adadi si munthu wopusa, ndinene zimenezo. Tisanabwere kuno ankagwira ntchito padepoti yogulitsa chimanga kumudzi, ndipo chaka cha njala chija anaona ndi maso awo anthu atandanda pamzere ndi matumba opanda kanthu, wailesi ikunena kuti chimanga chilipo. Chichokereni pamenepo, boma lililonse likangotchula mawu akuti kusunga, iwo amanyamuka kukasunga zawo. Ndiye atamva kuti ku Ulaya kuli mkangano wa mipope ya gasi, komanso kuti akuluakulu a kuno akukamba zopopera gasi m'mapanga a pansi pa nthaka, anayamba kubwera ndi thumba limodzi tsiku lililonse poweruka kuntchito. Makala ake ndi aja azungu amawotchera nyama panja dzuwa likawala. Mwini sitolo anawafunsa ngati ali ndi phwando mu Januwale. Dalaivala wa basi anasiya ndi kufunsa komwe.

Zonsezi ine sindikadasamala nazo. Akadafuna akadaunjika makala mpaka kudenga. Koma pabalazapo ndinali napo ntchito.

Panali Edmund. Ndinamaliza sukulu chaka chathacho, ndipo podikira kuti moyo uyambe ndinkapinda zovala m'sitolo ina m'tauni. Edmund ndinakumana naye pamalo odikirira basi mvula ikugwa, iye n'kundifunditsa ambulera yothyoka nthiti, madzi akumuthira yekha m'khosi, osadandaula. Ndi mnyamata wa ku Zomba, wamtali, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Tsopano anali atapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Middlesbrough, ndipo ankanyamuka Lamulungu la sabata yomweyo. Anandiuza mosapita m'mbali kuti zobisala watopa nazo. Ngati adadi samudziwa asananyamuke, sadzalola kuti ndizikwera basi kukamuona ndikunama kunyumba kuti ndapita kwa anzanga a kwaya.

Tsiku la kubwera kwake ndinali nditalikonza kale m'mutu mwanga, kambirimbiri. Edmund adzagogoda atavala malaya oyera. Adzakhala kunsonga kwa mpando, manja pamaondo. Adadi adzatsokomola pang'ono n'kumufunsa kwawo ndi dzina la bambo ake. Amami adzatulutsa makapu a maluwa aja samagwiridwa ndi munthu wa m'nyumba. Pawindo chipale chidzakhala chikugwa pang'onopang'ono, ine ndili kukhitchini, khutu pachitseko. Mpando umenewo tsopano unali pansi pa makala.

Ndipo mwana wamkazi sapita kwa bambo ake kukanena kuti ndili ndi mnyamata. Kwathu nkhani yotere imadzera kwa azakhali kapena amalume. Kuno azakhali athu apafupi ali ku Chilomoni, ndiye ndinadzera kwa amami. Iwo anavomera, anayesanso. Koma nthawi iliyonse akangoti, "Bambo a Taonga, pali nkhani," adadi ankayankha kuti, "Ndamva kale, akuti mpope wina autsekanso," n'kukweza tivi.

"Amami, masiku akutha," ndinawauza Lachitatu, ndikuwathandiza kuyanika zovala pahita yotenthetsera nyumba.

"Ukufuna ndiwamange pampando? Bambo ako sakumva chilichonse chopanda gasi mkati."

"Ndiye ikanimo gasi."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, koma mawuwo anandikhala m'mutu ine mwini. Madzulo ake amami anapereka lamulo: pofika Loweruka makala onse akhale m'kashedi ka kuseri, apo ayi akauza mwini nyumba ndi pakamwa pawo. Adadi anagwira msana, nati dokotala anawaletsa kunyamula zolemera, ngati kuti matumbawo anabwera okha pabasi. Pamenepo ndinalankhula ndikuyang'ana mbale yanga.

"Kutchalitchi kuli mnyamata wina wamphamvu. Akhoza kuthandiza."

"Wa kwathu?"

"Wa ku Zomba."

"Abwere," anatero adadi. Amami anatsamwa ndi tiyi.

Ndinaona ngati ndine wanzeru kuposa anthu onse a mu Wakefield. Makala akachoka mpando uoneka, Edmund akhala ali kale m'nyumba, amami anena mawu awo, basi zatheka. Ndinamutumizira uthenga pafoni kuti abwere Loweruka m'mawa atavala malaya oyera aja. Za makala ndinaiwala kumufotokozera bwinobwino.

Anagogoda monga momwe ndinalotera, malaya atasitidwa, nsapato zikunyezimira. Adadi anatsegula chitseko, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Achimwene, mwabwera kudzanyamula makala kapena kudzabatiza?"

"Kudzanyamula, bambo," anatero Edmund, akundiyang'ana mwachisoni pamwamba pa phewa lawo.

Thumba lachiwiri lisanafike kushedi, malaya aja anali ngati chigamba chopukutira mapoto. Chipale sichinagwe. Kunali kamvula kaja kosatha, kongonyowetsa munthu popanda kumveka. Amami anakwera kukagona, poti anali atachezera kuntchito, atandinong'oneza kuti ndiwadzutse pabalaza pakayera. Ine ndinaima pawindo la kukhitchini ndikuwerenga matumba ndi maso, ndikumva adadi akuphunzitsa.

"Mukuona, achimwene, dziko lino gasi wake ankachokera pansi pa nyanja. Tsopano akuchepa. Ndiye akuti tikumbe mapanga, tisungemo. Chabwino. Koma kiyi wa phangalo asunga ndani?"

"Zoonadi, bambo."

"Tsiku la vuto, mukuganiza kuti ayamba kutsegulira ife a mumsewu uno? Ayamba ndi London. Ife tidzamva pawailesi kuti gasi alipo wokwanira, tili m'mabulangete."

"Zoonadi, bambo."

Zikadathera pa zoonadi bambo, bwenzi ndilibe mawu. Koma Edmund, munthu amene ndinkamulota akundiwerengera ndakatulo m'mbali mwa mtsinje, anayamba kuikonda nkhaniyo. Ndinamumva akunena kuti matumba asagone pasimenti chifukwa akoka chinyezi, pafunika matabwa pansi. Adadi anaima, namugwira paphewa ngati apeza mwana wawo wotayika. Anatulutsanso matumba onse amene anali atalowa kale, n'kuyamba kufunafuna matabwa.

Ndinatuluka ndi tiyi m'makapu wamba. Popereka ndinamuponda Edmund chala.

"Ukutani?" ndinanong'ona.

"Ndikuthandiza."

"Sunabwerere matabwa."

"Ndiye ndinene chiyani, Taonga? Si ine woyamba kulankhula. Amayi ali kuti?"

"Taonga, usasokoneze anthu ali pantchito," anatero adadi ali m'shedi. "Bweretsa machesi."

Machesi anali a mbaula. Inde, analinso ndi mbaula. Anawakhomera a Friday, mnzawo wa ku Zambia wokhala ku Rotherham, kuchokera ku chitini cha penti. Adadi anati nkhokwe yosayesedwa si nkhokwe, ndiye pabalaza patangoyera, mpando wanga uja utaoneka, m'malo molowa m'nyumba anthu awiriwa ananjuta pakati pa bwalo la kuseri n'kuyamba kukoleza moto mumvula. Makala a kuno ndi ouma mutu. Edmund ankakupiza ndi chivundikiro cha ndowa, adadi akuuzira mpaka maso kufiira. Mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda, nafunsa ngati zonse zili bwino. Adadi anamuuza kuti gasi akatha abwere ndi poto wake.

Moto utagwira, mvula inakula. Ndisanatsegule pakamwa, adadi ananyamula mbaula ija ndi nsanza n'kuikhazika m'khitchini, pafupi ndi chitseko, nakankha chitsekocho kuti mphepo isalowe. Alamu ya utsi inayamba kulira. Simungaidziwe ngati simunaimvepo: imalowa m'mano. Edmund anayamba kuikupiza ndi chivundikiro chija. Ndipo amami anatsika masitepe, duku lili pambali, maso ali psuu.

"Tulutsani."

"Tikungoyesa, mayi a Taonga."

"Tulutsani ndisanaitaye ndi manja angawa. Mukuyesa kuno ndi kukhonde kwa amayi anu ku Lunzu? Nyumba izi n'zomata paliponse, mpweya sutuluka. Makala akayaka muno simununkhiza kanthu, mumangomva tulo, basi osadzukanso. Ndawaona ine anthu otere akubwera nawo kuchipatala, banja lonse. Mukufuna kutipulumutsa ku chisanu potipha?"

Adadi ananyamula mbaula yawo mwaulemu wonse n'kubwerera nayo panja. Amami anakwera pampando, natonthoza alamu, natsegula mawindo onse, moti kutentha konse kwa gasi weniweni, amene anali asanathe n'komwe, kunathawira kunja. Kenako anaona Edmund, wakuda bii kuyambira m'manja mpaka m'khosi, akutsatira adadi panja.

"Ndiye ameneyu ndi...?"

"Eya," ndinatero. "Amami, nenani tsopano. Chonde."

"Tsopano? Bambo ako ndangowakalipira pamaso pa mlendo. Ndikatsegula pakamwa pano, chilichonse chimene ndinganene akana. Dikira mawa."

"Mawa akunyamuka."

"Ndiye unaganiza chiyani pomubweretsa ngati waganyu?" Anakwera masitepe akugwedeza mutu.

Ndinatuluka ndi thireyi ngati wokatenga makapu. Anthu awiri aja anali atabisala pakhomo pa shedi, adadi atakhala pandowa, Edmund pathumba la makala, mbaula ili pakati pawo ikuchita utsi. Adadi anali atafatsa, monga amachitira akagonja kwa amami, ndipo ankalankhula ndi Edmund motsitsa mawu, ngati mnzawo wakale.

"Mwaona akazi ophunzira, achimwene? Koma akunena zoona, tisawauze. Inu muli pabanja?"

"Ayi, bambo."

"Chibwenzi?"

Edmund anayang'ana makala. Anayang'ana nsapato zake. Ine ndinaima ndi thireyi m'manja, mvula ikundilowa m'tsitsi, ndikumupempha ndi maso.

"Ndiye kuti, bambo... maganizo alipo."

"Maganizo. Ngati boma," anatero adadi, naseka okha. "Mwati mawa mukupita ku Middlesbrough? Kumeneko ndili ndi mnzanga, mkulu wa mpingo, a Thompson. Ali ndi mwana wamkazi, akuphunzira unesi, wakhalidwe. Ndiwaimbira foni madzulo ano kuti kukubwera mnyamata wodziwa kusunga zinthu. Mnyamata ngati inu sayenera kuzizidwa yekha. Mutengenso thumba limodzi, mukayambire."

Ndinadikira. Apa ndiye pamene munthu wa m'maloto anga akadaimirira, mvula ikumugwa pankhope, n'kunena dzina langa. Edmund anapukuta manja pamalaya aja, nakweza maso pang'ono.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero.

Zikomo kwambiri. Ndinaganiza za azakhali a ku Chilomoni, za amami amene abwerera kukagona, za basi ya mawa, za mwana wa a Thompson ndi unesi wake. Aliyense m'dziko lino anali kuganiza, kukonza, kudikira nthawi yabwino. Ndinaika thireyi pansi, pamatope pomwepo. Ndinagwada, poti ngakhale utakwiya chotani sulankhula ndi bambo ako uli chiimire, ndipo madzi ozizira analowa m'maondo a jinzi yanga.

"Adadi."

"Tatenga makapuwo, mwanawe, tikukambirana."

"Adadi, a Thompson musawaimbire. Edmund sanabwerere makala, ndinamuitana ndine. Ndikufuna mulowe m'nyumba, musambe m'manja, mukhale pabalaza, iye akhale pampando uja, mumufunse kwawo ndi dzina la bambo ake. Ndimamukonda, ndipo ndikufuna mumudziwe lero, asanakwere basi."