Mavu a pa Shedi ya a Ambrosi

"Kalata iyi sanalembe achimwene," anatero a Jonas, n'kuiponya patebulo ngati yawatentha zala.

Onse anali pabalaza. Linali tsiku lachitatu chiikire maliro a a Ambrosi Alufandika, ndipo makatani anali akununkhabe utsi wa pasiwa. Mildred, mwana yekhayo wa malemu, anali pamkeka pambali pa amayi ake, a Petronela. A Jonas, mng'ono wa malemu amene anabwera kuchokera ku Nsanje, anali atakhala pampando wandalema wa mwini nyumba, popanda wowauza kuti khalani apa.

A Hawkins, wapampando wa mphakati amene anaitanidwa ngati mboni, anatola kalatayo n'kuiwerenganso mokweza. "Ine Ambrosi Alufandika, nyumba yanga ya ku Bangwe ndi poloti yake ndasiyira mkazi wanga Petronela. Wina asamuchotse." Anaitembenuza, kuseri kunalibe kanthu. "Zikumveka bwinobwino, bambo. Chavuta n'chiyani?"

"Chavuta n'choti achimwene sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Takulira limodzi ife, kubusa. Sukulu ankangoidutsa ali pambuyo pa ng'ombe. Ku Makata agwira zaulonda zaka twente-faifi, malipiro akudinda chala. Ndiye aphunzira liti kugwira bolopeni, m'bokosi? Ine nkhabe, ndakana!"

Mildred anafuna kuseka. Bambo ake osadziwa kulemba? Munthu amene Loweruka lililonse ankagula nyuzipepala, n'kuvala mandala, n'kukhala nayo pakhonde mpaka masana? Koma kusekako kunamuthera pakhosi. Anakumbukira malipoti ake a kusukulu. Bambo ankawayang'ana kanthawi, kenako amvekere, "Kapatse amayi ako, maso anga atopa." Anafufuza m'mutu mwake tsiku limodzi lokha limene anaona bambo ake akulemba, ndipo sanalipeze.

Anacheukira amayi ake. Iwo anali kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Alamu, yankhulani," anatero a Jonas. "Inu munafika Sitandade 8, tikudziwa. Walemba ndani?"

"Analemba bambo a Mildred."

"Analembera kuti? Anawaona ndani?"

A Petronela anapitiriza kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Nanga mapepala enieni a poloti ali kuti? M'sutikesi mulibe, m'kabati mulibe. Kwatsala kushedi kuja." A Jonas analoza kuseri ndi chibwano. "Dzulo m'mawa ndinakuonani mukulowa mmenemo, mavu ali pamutu panu penipeni, osakulumani ngakhale mmodzi. Mavu odziwa mwini wake ine sindinawaonepo."

Shediyo inali kumapeto kwa poloti, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, yomangidwa ndi zigwagwa ndi malata akutha. Pamwamba pa chitseko chake panalendewera chisa cha mavu ankhomola chachikulu ngati mbale yodyera. Chinakhala pamenepo zaka zinayi, chikamatha china chikuyamba pambali pake. A Ambrosi, amene ankachotsera anthu zisa mulaini monse popanda kulipiritsa, chawocho ankakana kuti chikhudzidwe. Mildred analumidwapo kamodzi akufuna khasu, ndipo kuyambira pomwepo ankalambalala. Sanafunsepo chifukwa chake. Bambo ake anali ndi timalamulo tawo tambiri, ndipo ili linali limodzi chabe.

A Jonas sanali munthu wodikira. Dzuwa lili paliwombo anali atapeza nsungwi yaitali. Chaka chimenecho mafuta ankasowa mu Blantyre monse, palafini osaoneka ngakhale pagolosale, choncho anakulunga nyuzipepala zakale kunsonga kwa nsungwiyo n'kumanga ndi linya.

"Bambo, masana ano mavu amakhala olusa," anatero a Hawkins ali chapatali ndithu. "Bwanji tidikire?"

"Kwathu timawotcha nthawi iliyonse."

Atangokhwatcha machesi, a Petronela anatuluka kukhitchini akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Musayatse moto pamenepo! Mutentha zonse zili mkatimo!"

A Jonas anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope ili ngwee ngati munthu amene watola chikwama. "Zonse ziti, alamu?"

Yankho sanalimve. Nsungwi inagwedera m'manja mwawo n'kugunda lata, ndipo mavu anatuluka onse nthawi imodzi. A Jonas, bambo wamkulu wa zidzukulu zake, analumpha mzere wa mpiru n'kutaya nsapato imodzi, akudziomba makofi m'khosi. A Hawkins anapezeka kale ali m'bafa atadzitsekera. A Petronela anangonjuta pansi, chitenje kumutu, osagwedezeka, mpaka mavu anabwerera pachisa chawo. Anadzuka opanda chotupa ngakhale chimodzi, ndipo anthu amene anasuzumira pampanda anaona zimenezo.

Pofika madzulo diso lamanzere la a Jonas linali litatsekeka, mlomo utatupa ngati chitumbuwa. Nkhani nayo inali itatupa. Kumpopi ankati mayi wa kwa Alufandika amatuma mavu. Ena amvekere m'shedimo muli nsupa, ndipo chifuwa chimene chinatenga a Ambrosi sichinali chifuwa wamba. Mayi wina wa mphakati amene anabwera kudzatenga poto wake wa pamaliro anaima pageti, n'kutuma Mildred kuti akamutengere.

"Tikameta Loweruka, alamu mulongedze," anatero a Jonas, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa. "Tinalowola ife, ng'ombe zinapita kwanu. Mwana wamwamuna simunatiberekere. Nyumba iyi ndi ya kwa Alufandika, ndipo sitingasiyemo munthu wolemba makalata abodza."

Mildred anawapeza amayi ake kuseri kwa khitchini akukwecha poto ndi mchenga. Ananjuta pambali pawo, natenga chivundikiro kuti manja ake akhale ndi chochita. Mtima unkamuwawa, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri n'choti mawu a bambo ake aang'ono anali atamulowa.

"Amayi, m'shedimo muli chiyani?"

"Makasu."

"Makasu amapsa ndi moto wa nyuzipepala?"

A Petronela anapitiriza kukwecha.

"Amayi, tili awiriwiri pano. Ngati kalata ija munalemba ndinu, ingondiuzani. Sindikuweruzani. Mwina munaopa kuti akuthamangitsani, ndingamvetse. Koma ndiuzeni zoona."

Dzanja linaima m'poto. A Petronela anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, maso ali ofiira chifukwa cha masiku asanu osagona bwino.

"Iwenso, Mildred?"

"Nanga ndiganize chiyani? Adadi sindinawaonepo akulemba. Inu mumalowa pa mavu ngati mukulowa m'tchalitchi. Ndikafunsa simuyankha. Ine sindikudziwanso choti ndikhulupirire."

"Bambo ako anandilumbiritsa."

"Adadi apita, amayi. Loweruka mukagona kuti?"

A Petronela anatsukuluza poto, n'kumuvundikira pathandala. Zoti a Jonas awatche wabodza akanapirira, ndipo za kumpopi sizinkawadetsa nkhawa, poti kumpopi sikusowa nkhani. Koma mwana amene anamubereka okha kuwayang'ana choncho, chimenecho chinawapweteka koposa.

"Mawa kusanache bwino ukawadzutse a Hawkins," anatero. "Ndipo usasambe sopo wako wonunkhira uja."

Kunacha ndi chiperoni. Phiri la Bangwe silinkaoneka, ndipo kamvula kosamveka kankanyowetsa tsitsi. A Jonas anaima patali atafunda bulangete, diso limodzi lili tcheru. A Hawkins anali atavala jekete ziwiri ndi chipewa chofika m'makutu, osati chifukwa cha kuzizira kokha.

"Ndilowe nditulutse zimene mukufunazo?" anafunsa a Petronela.

"Iyayi," anatero a Jonas. "Palibe wolowa yekha. Tilowa tonse, tione zinthu mmene ziliri. Chisacho chichoke kaye."

A Petronela anagwedeza mutu ngati ankayembekezera zomwezo. M'manja anali ndi jumbo yolimba ndi mpeni wa kukhitchini basi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pansi pa chisa. Mavu anali ataunjikana pamodzi, mapiko atapinda, ena akungosuntha miyendo mwaulesi.

"Kukazizira chonchi sauluka," anatero motsitsa mawu, osacheuka. "Osamenyetsa chitseko, osakupiza manja, osadzola zonunkhira. Akakwiya, khala pansi. Mankhwala ake ndi omwewo, alamu. Anandiphunzitsa ndi akulu anu."

Anakwera panjerwa ziwiri, nayasamulitsa jumbo, n'kuikweza kuchokera pansi mpaka chisa chonse chinalowa. Dzanja lamanzere linatseka kukamwa kwa jumboyo, lamanja n'kudula kaphesi kamene kanagwira thabwa. Zinatha munthu asanamalize Tikuoneni Maria. M'jumbomo munayamba kulira ngati wailesi yosowa siteshoni. A Petronela anaimanga, naiviika m'ndowa ya madzi, n'kutsendereza ndi mwala. Anaima pamenepo kanthawi, ndipo Mildred yekha ndi amene anamva zimene ananena.

"Pepani, bambo a Mildred."

Chitseko chinatseguka. Munalidi makasu awiri ndi wilibala yopanda tayala. Koma kukhoma lakumanja kunali thabwa lopakidwa penti yakuda, lodzaza malemba a choko, ndipo patsogolo pake panali kabenchi kafupi ngati ka ana a Sitandade 1. Pansi pa kabenchiko panali katoni.

A Hawkins anaikoka n'kuyamba kutulutsa. Pamwamba panali mapepala a poloti, okulungidwa bwino m'pulasitiki. Pansi pake panali makope khumi ndi anayi. Loyamba linali la timizere ndi tozungulira tokhatokha, topindika ngati tolemba mwana, bolopeni itadindikizidwa mpaka kuboola pepala. M'lachitatu munali dzina, Ambrosi Alufandika, tsamba ndi tsamba. Kuyambira kope lachisanu ndi chinayi munali kalata ija, yolembedwa kambirimbiri, ina yothera pakati, ina yofufutidwa, ndipo m'mbali mwa tsamba lililonse munali mochonga ndi inki yofiira.

A Hawkins anatulutsa kalata m'thumba la jekete n'kuiika pambali pa kope. Anayang'ana uku, nayang'ana uko.

"Dzanja ndi limodzi, bambo Jonas. Onani nokha."

"Anayamba atangopuma ntchito," anatero a Petronela ali pakhomo. "M'mawa uliwonse Mildred akapita ku Limbe kuntchito, tinkalowa muno. Ine pabolodi, iwo pakabenchi. Ndinawauza kuti bwanji tipite kwa a Hawkins, alembe iwo, inu mungodinda chala. Anakana. Anati chala angathe kukudinditsa uli mtulo, achibale sadzavomera. Ankafuna dzanja lawo lenileni. Mavu atayamba kumanga ndinafuna kuchotsa, iwo amvekere asiye, mwana asadzasuzumire n'kuona bambo ake akuvutika ndi zimene iye anatha ali ndi zaka sikisi." Anatembenukira kubolodi. "Ndinalumbira kuti sindidzauza munthu. Lero ndawavula pagulu."

Mildred anagwada n'kugwira mwendo wa amayi ake. Manyazi anamugwira mpaka kulephera kutukula mutu. "Ndikhululukireni, amayi."

A Jonas anali atatenga kope limodzi. Ankatsegula masamba pang'onopang'ono ndi chala chonyowetsa malovu, ngakhale iwonso malembawo sankawadziwa. Bulangete linagwa paphewa osalitola.

"Achimwene," anatero ngati akuyankhula okha. "Kuphunzira sukulu ndi imvi, ine osandiuza." Anabweza kopelo m'katoni mosamala, napukuta diso lotseguka lija. Pakhomo anaima, koma sanawayang'ane a Petronela kumaso. "Nyumba ndi yanu, alamu. Za kumpopizo ndikazimitsa ndekha."

A Hawkins anawatsatira, ndipo m'shedimo munatsala mayi ndi mwana.

Pakabenchi panali kope lina limene silinali m'katoni, lotsegula, lopsinjidwa ndi kamwala. A Petronela anakhala pansi n'kuliika pamiyendo. Patsambalo panalibe inki yofiira.

"Tsiku lililonse ankalemba mizere itatu ya m'mutu mwawo," anatero. "Iyi analemba tisanapite kukakwera minibasi ya kuchipatala. Ndinati bweretsani ndichonge, iwo amvekere ayi aphunzitsi, mudzachonga ndikabwerako, muli ndi phuma lero."

Mildred anawerenga chamumtima, malemba akuluakulu oima bwino pamzere.

Lero ndadzuka ndi chifuwa.
Petronela akuti tipite kuchipatala.
Ndibwera Lachisanu.

Anabweradi Lachisanu, pagalimoto ya mphakati, azimayi akuimba kumbuyo.

A Petronela anapisa dzanja pamwamba pa bolodi n'kutenga bolopeni yofiira. Anachonga mzere woyamba. Anachonga wachiwiri. Pa wachitatu anaima, nauwerenganso. Kenako anachonganso, n'kutseka kope.